Amalume akufuna ndiwaone mawondo, pomwe udokotala wanga ndi wa pa laputopu

Ndafika kuno ku Ulongué, ku Mozambique, sabata yatha, ndipo ndisanatule ndi chikwama chomwe ndapeza amalume ali kale pakhonde atapinda buluku mpaka m'ntchafu. "A dotora, tawaonani mawondowa, mayi anu akuti ku Ulayako mumagwira za nyamakazi." Aaa amayi inu kkkk. Ndiye ndinakhala pamphasa fumbi la chapa, minibasi ya kuno, lili m'mutu kuyamba kufotokoza kuti ine jakisoni sindinabayepo munthu chibadwire, ndine wa bioinformatics, ntchito yanga ndi kuwerenga za m'maselo pa kompyuta basi. Za postdoc ndinangoti ndi ganyu wa anthu ophunzira, sukulu wamaliza yonse koma malo okhazikika ulibe, kontirakiti ikatha uyambenso kusaka.

Nyamakazi imene ndimafufuzayo si ya ukalamba ngati ya amalumeyi, imene imabwera poti mfundo zaperepeseka ndi khasu komanso kukankha njinga ya mbatatesi zaka zonsezi. Yathuyi imayamba ndi mankhwala a khansa. M'thupimu muli asilikali otchedwa ma T cell, amene munaperekezapo m'bale kolandira ma ARV mawu oti CD4 mukuwadziwa, ndi banja lomwelo, ena mwa iwo ndi ma CD8 amene ntchito yawo ndi kupha selo lodwala. Asilikaliwa ali ndi zowaletsa kuti asamangolusa paliponse, china ndi PD-1 chomwe a Tasuku Honjo ndi anzawo anachipeza ku Kyoto mu 1992, china ndi CTLA-4 chomwe a James Allison anaonetsa kuti ukachitseka zotupa za khansa mu mbewa zimafota, ndipo awiriwa analandira Nobel mu 2018. Khansa ndi yochenjera, imagwiritsa ntchito zoletsa zomwezo kuti asilikali aziyiona n'kungodutsa.

Apa ndinaona kuti amalume ayamba kuyang'ana nkhuku, ndiye ndinaloza galu wawo uja amakhala pa tcheni kuseri kwa nkhokwe. Ndinati asilikali aja ndi galu, zowaletsa zija ndi tcheni, ndipo mankhwala a khansawa amamasula tcheni. Ipilimumab, amene anavomerezedwa ku America mu 2011 pa khansa ya pakhungu ya melanoma, kenako pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014, onsewa sapha khansa okha ayi, amangomasula galu kuti agwire wakuba. Ndipo amagwiradi, alipo anthu amene kale akanangowauza kuti kadikireni kunyumba koma lero ali moyo zaka zambiri. Vuto ndi loti galu womasulidwa nthawi zina akatha wakuba, kapena asanamupeze n'komwe, amatembenukira mbuzi za pakhomo. Ena amawaluma m'matumbo n'kumatsegula m'mimba koopsa, ena pakhungu, ena chithokomiro, ena m'mfundo, bondo kutupa, zala kuuma m'mawa moti kumanga batani la malaya kukanika.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi ichi. Zina mwa zovutazi ukasiya mankhwala n'kupereka prednisone, mankhwala ochepetsa kutupa pofooketsa asilikali aja, zimazilala, koma nyamakaziyi kwa anthu ena imakanirira miyezi ngakhale zaka diripi yomaliza itapita kalekale. Ukayeza magazi, zizindikiro zija timadalira pa nyamakazi ina yotchedwa rheumatoid arthritis, RF ndi anti-CCP, ambiri alibe, ndiye matenda akufanana nkhope koma si amodzi. Ndipo dokotala ali pampanipani, akathira prednisone wambiri kwa nthawi yaitali pali mantha oti wamanganso galu khansa n'kupeza mpata, akasiya munthu sakuyenda. Ena amawapatsa methotrexate, ena infliximab kapena tocilizumab amene amatseka njira imodzi yokha ya kutupa, TNF kapena IL-6, koma woyenera uyu ndi ndani woyenera uyo ndi ndani, mpamene pagona nkhani.

Gawo langa limayamba anzanga a kuchipatala akapopa madzi a m'bondo lotupalo ndi sirinji, odwala atavomera, madzi achikasu timamililita tochepa. Makina amalekanitsa maselo limodzi limodzi n'kuwerenga majini amene selo lililonse layatsa, imeneyo ndiye single-cell RNA sequencing. Kwa ine kumafika tebulo, mizere pafupifupi 20,000 ya majini, mbali inayi maselo masauzande, ndipo mabokosi ambiri muli ziro zokhazokha. Ndimayamba ndi kupeta ngati chimanga, kutaya maselo akufa ndi amene anamatana awiri n'kuoneka ngati limodzi, kenako mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa R ndimawaunjika m'magulu, pa sikirini amaoneka timadontho ta mitundumitundu ngati chitenje. M'mawondo a odwala amenewa mumapezeka ma CD8 ambiri olusa, ndipo popeza T cell aliyense ali ndi receptor, kachida kozindikirira mdani, yakeyake ngati chidindo cha chala, umatha kuona kuti gulu lonse ili ndi ana a selo limodzi amene anangoswana. Funso n'loti kodi amene akuluma bondo ndi omwewo akuluma chotupa, kapena ndi agalu ena ongotengera mwayi tcheni itamasuka. Ngati ndi ena ndiye kuti tikhoza kumanga iwowo okha.

Osaganiza kuti ndi ntchito yozuna tsiku lililonse, chaka chatha ndinavina ndekha mu ofesi nditaona kagulu katsopano ka maselo, patapita masabata awiri n'kuzindikira kuti onsewo anali masampulo amene anakonzedwa tsiku limodzi, batch effect basi, manyazi ake. Komanso chimandiwawa n'choti data yambiri ya majini padziko ndi ya azungu, pomwe pembrolizumab yemweyu amagwiranso pa khansa ya khomo la chiberekero imene ikutha azimayi kuno ku Mozambique, koma mtengo wake ngakhale mutagulitsa ng'ombe zonse za m'khola simufika patali.

Amalume anamvetsera mpaka pamapeto, n'kutsitsa buluku pang'onopang'ono. "Ndiye galu wanuyo bwanji osangomumasula usiku, masana n'kumumanga?" Ndinaseka koma ndalemba m'kope. Mawa m'mamawa ndiwaperekeza kuchipatala akawaone mawondowo adokotala enieni, akuti ndilipire ndine njinga yamoto.