Rauta yakale ndi waya umodzi

Pano ku Highfield, mu Harare, tili mabanja angapo pa intaneti imodzi. Rauta imakhala pabalaza pa eni nyumba, ndiye ife a m'zipinda zakumbuyo Wi-Fi inkatifika yofooka chifukwa cha makoma a njerwa. Agogo oyandikana nane akafuna kulankhula ndi abale ku Dedza pa WhatsApp, ankachita kutulutsa mpando panja. Ena anati tigule ripita, kachipangizo kolandira Wi-Fi n'kuitumizanso patsogolo. Ndinakana, poti ripita wamba imalandira ndi kutumiza pa tchanelo chimodzimodzi, liwiro n'kutsika pafupifupi ndi theka.

Ndinagula TP-Link Archer C7 yogwirapo kale ntchito m'tauni kuti ikhale rauta yachiwiri yolumikizidwa ndi waya, n'kuikamo OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa rauta m'malo mwa imene inabwera nayo. Pulogalamuyi inayamba mu 2004, kampani ya Linksys itatulutsa poyera khodi ya rauta yake ya WRT54G, chifukwa inkayendera Linux ndipo laisensi ya GPL imalamula kutero. Chimene ndimaikondera n'choti wopanga rauta akaleka kuisamalira, anthu odzipereka amapitiriza kutseka mipata yolowera akuba.

Musanayambe, tembenuzani rautayo muwerenge kapepala kapansi kuti mudziwe mtundu wake. Archer C7 ya v2 ndi ya v5 zimafuna mafayilo osiyana. Chachiwiri, musaikhulupirire magetsi a kukhoma. Akathima pulogalamu ikulowa, rauta itha osadzukanso. Yanga ndinailumikiza ku batire ya 12V, ndipo mpaka lero ili pomwepo.

OpenWrt ikalowa, Wi-Fi imakhala yozimitsa, musadabwe. Lumikizani kompyuta ndi waya, mutsegule 192.168.1.1, muike pasiwedi. Kenako ipatseni adiresi ina, monga 192.168.1.2 ngati rauta yaikulu ili pa 192.168.1.1, ndipo muzimitse DHCP, imene imagawira zipangizo maadiresi. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: marauta awiri akamagawa maadiresi m'nyumba imodzi, foni imaonetsa kuti yalumikizika koma osatsegula kanthu. Waya uchoke pa bowo lolembedwa LAN la rauta yaikulu kulowa pa la LAN la yatsopano. Wathu tinaudutsa mupaipi ya pulasitiki m'mphepete mwa khoma, kuopa dzuwa ndi makoswe.

Pokonza Wi-Fi, dziko sankhani ZW, kutanthauza Zimbabwe. Pa 2.4 GHz rauta ina ndinaiika pa tchanelo 1, inayo pa 11, dzina ndi pasiwedi zofanana. Agogo tsopano amaimba ali m'chipinda mwawo.

Anyamata awiri a ku Mufakose andibweretsera kale timarauta tawo kuti ndiwakonzere. Ndinawabweza, chifukwa timarautato tili ndi memori yochepa, 4 MB ya flash ndi 32 MB ya RAM, ndipo OpenWrt ya masiku ano sikwanamo. Ndawauza kuti asanagule ina ayambe aona dzina lake pa mndandanda wa pa openwrt.org.