Mapazi a pathanthwe ku Valentia

Pachilumba cha Valentia, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Ireland, pali thanthwe lomwe linasunga mapazi a nyama ina ya miyendo inayi imene inadutsapo zaka pafupifupi 385 miliyoni zapitazo. Ine ndinawolokera pamlatho wa ku Portmagee. Kulinso pantoni ya ku Reenard Point, koma nyengo yozizira siyenda, ndiye musaidalire.

Kanjira kopita kugombe n'kotsetsereka moopsa, ndipo tsikulo kunali mvumbi ndi mphepo yolasa m'mafupa. Nditafika pampanda ndinasuzumira pansi. Thanthwe lonyowa basi, mafunde akulimenya. Ndinanyinyirika mokweza, poti mtunda wonse uja ndinkayembekeza chinthu chooneka.

Mayi wina wachikulire, amene ankayenda ndi galu wake, anandimva. "Bambo, mwaima poipa. Sunthirani kuno, muwerame, muyang'ane mopendeketsa pomwe madzi adikhapo."

Nditatero timaenje tinayamba kuoneka, tosazama, tondondozana m'mizere iwiri, kumanzere kumanja, ngati wina ankadinda ndi chala padothi lofewa. Pena panali kamzere kosonyeza kuti thupi linkakhwekhwerezeka pansi. Mayiwo anaima nane pamvulapo mpaka ndinatha kutsatira mapaziwo ndekha, galu akunjenjemera pamiyendo pawo. Anandiuza kuti amene anawatulukira ndi wophunzira za miyala wa ku Switzerland, ndipo anaseka kuti anthu ankadutsa pamenepo zaka zonsezo osaona kanthu.

Kamzere kokhwekhwerezeka kaja ndi kamene kanandigwira mtima. M'madzi thupi limayandama lokha, koma pamtunda kulemera konse kumagwera pamafupa, ndipo nyamayi, yotalika pafupifupi mita imodzi, inkalephera kunyamula mimba bwinobwino. Makolo ake anali nsomba za zipsepse zokhala ndi mafupa ndi minofu, zomwe zinali kale ndi mapapo zikadali m'madzi. Ngakhale zala zinayambira komweko. Acanthostega, nyama ina yakalekale ya miyendo inayi yomwe mafupa ake anapezeka ku Greenland, inali ndi zala 8 kudzanja lililonse koma inkakhalabe m'madzi n'kumapuma ngati nsomba. Kusiyiratu madzi kunadza mochedwa kwambiri, patabwera dzira lokhala ndi madzi akeake mkati, lotha kuikiridwa pouma.

Chimene chimandinyansa n'choti ulemu wonse timaupereka kwa wa miyendo inayi, ngati ndiye anatsegula njira. Zomera zinafika pamtunda zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, kalekale iye asanaganize n'komwe. Zinayamba ngati ndere zomata pansi, kenako zinapeza kachikopa ka phula koletsa kuuma, timabowo topumira totha kutseka dzuwa likaswa, ndi mitsempha yolimba yokweza madzi kuchokera m'nthaka, yomwenso inaziimika chilili. Mabongololo ndi abale a akangaude anatsatira. Pokwera kubwerera ndinaona ndere zachikasu ndi zotuwa pamiyala yonse ya m'njira, ndipo palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anaziyang'ana.

Mukapitako valani nsapato zogwira pansi, ndipo pitani m'mawa kapena madzulo kuwala kukamabwera cham'mbali, chifukwa masana timaenjeto timabisala. Foni musaikhulupirire kwambiri. Zithunzi zanga zonse zinangotuluka thanthwe lopanda kanthu, moti amene ndawaonetsa akuti ndinapusitsidwa.