Tinayamba ndi mipopi yodontha, koma ntchito yatigwira ndi ya giza

Kampani yathu ndi yaing'ono, ya mapulambala ochepa ndi wamagetsi mmodzi, muno mu Blantyre. Pachiyambi tinkaitanidwa pa mipopi yodontha, masinki ndi zimbudzi zotsekeka. M'kupita kwa nthawi tinaona kuti foni zobwera m'bandakucha, munthu akulankhula mopupuluma, zinkakhala za chinthu chimodzi: giza, thanki yotenthetsera madzi. Madzi akuchucha pasiling'i, madzi otentha asiya, kapena mpopi wa kubafa ukugwira shoko. Tikakwera kudenga tinkapeza kuti vutolo linayamba kalekale, ndipo likanapeweka ndi kachipangizo kotchipa. Tinasintha kagwiridwe ka ntchito. Lero ntchito yathu yaikulu ndi kuyendera magiza asanafe.

Mzinda uno uli ndi khalidwe lake. Madzi ambiri amachokera mu Shire ku Walker's Ferry n'kupopedwa kukwera mtunda, ndipo mzindawo ndi wa mapiri. Nyumba za kumtunda madzi amafika mofooka, nthawi zina n'kusiyiratu. Za kumunsi amabwera ndi mphamvu, makamaka usiku anthu atatseka mipopi. Zonse ziwirizi zimawononga giza, chilichonse mwa njira yake.

Madzi akasiya, giza yopanda non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, pa paipi yolowetsa madzi imatha kubweza madzi ake m'mapaipi, kapena kukhuthuka kudzera m'mipopi ya m'munsi. Elementi imatsala pamphepo, magetsi ali chiyakire. Chitsulo chimenechi chinapangidwa kuti chizitentha chili m'madzi, ndiye chikauma chimapsa m'mphindi zochepa. Tikachisolola chimakhala chakuda, chotupa, chong'aluka m'mbali ngati chinangwa chopsa pamoto. Mankhwala ake ndi valavu ija, pamodzi ndi ma vacuum breaker awiri olowetsa mpweya m'mapaipi kuti madzi a m'giza asakokedwe, wina ku paipi ya madzi ozizira, wina ku ya otentha, oima masentimita 30 pamwamba pa giza. Koma inu eni nyumba muli ndi mbali yanunso. Madzi akasiya, zimitsani giza. Akabwera, tsegulani mpopi wa madzi otentha, muusiye ulavule mpweya mpaka madzi ayambe kuyenda osadukiza, kenako muyatse.

Mphamvu ya madzi ikachuluka nkhani imakhala ina. Magiza ambiri amene timawapeza ndi ochokera ku South Africa, ndipo pa chizindikiro chake pamalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa, muyeso wa mphamvu ya madzi imene gizayo ingapirire. Ayenera kukhala ndi valavu yochepetsa mphamvu ya madzi yogwirizana ndi nambala imeneyo. Mukaika ya 600 pa giza ya 400, thanki ya m'kati imafutukuka ndi kubwerera tsiku ndi tsiku mpaka msoko wake ungambike. M'valavu imeneyi muli kasefa. Madzi akabwera atasiya kwa nthawi amatenga mchenga ndi dzimbiri, kasefako n'kutsekeka, madzi otentha n'kumatuluka pang'onopang'ono. Ambiri amaganiza kuti giza yatha, pamene n'kungomasula kasefa n'kukatsuka ndi burashi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatiopsa kuposa zonse, ndipo timachipeza kawirikawiri. Madzi akamatenthedwa amafufuma, choncho kapaipi kotuluka pa valavu yochepetsa mphamvu ija kamadontha giza ikayaka, mwina lita imodzi kapena awiri patsiku. Kudontha kumeneku n'koyenera. Koma mwininyumba akaona khoma lanyowa amaitana munthu wongodziwa kugwira sipanala, iye n'kutseka kapaipiko ndi pulagi. Ena amafika potseka ngakhale safety valve, imene ili pathupi pa giza penipeni. Valavu imeneyo ndiye mlonda womaliza. Thermostat, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, ikafa elementi n'kumangotenthabe, ndi iyo imatseguka madzi akayandikira kuwira kapena mphamvu ikapyola muyeso. Ikatsekedwa, nthunzi ilibe kolowera, ndipo giza ikhoza kuphulika n'kusasula denga anthu ali m'tulo. Paipi yake ikhale yachitsulo, yotsetsereka, yotulukira panja pamalo ooneka, kukamwa kuli pululu. Mukaona ikutulutsa madzi otentha kapena nthunzi, zimitsani giza pa bokosi la magetsi nthawi yomweyo, musayatsenso mpaka wodziwa aione.

Thermostat timaiika pa madigiri 60. Ena amapempha kuti tiitsitse kwambiri kuti apulumutse mayunitsi, koma m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndi mmene tizilombo ta legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana. Kukweza kupyola 60 nako kumachulukitsa zoyera zokakamira pa elementi ndipo kumadya magetsi pachabe. Ngakhale pa 60 pomwepo, khungu la mwana limapsa m'masekondi ochepa, ndiye posambitsa mwana yambani kuthira madzi ozizira m'beseni, otentha pambuyo. Ofuna kuwerengera, giza ya malita 150 yokhala ndi elementi ya 3 kW imadya pafupifupi mayunitsi 7 kuti ichotse madzi pa madigiri 20 kufika pa 60, ndipo zimatenga maola awiri ndi mphindi ngati 20. Kufunditsa giza ndi mapaipi ake otentha kumapulumutsa magetsi popanda kuika moyo pachiswe.

M'kati mwa giza mulinso ndodo ya magnesium yotchedwa anode, imene eni nyumba ambiri sanaimvepo. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki. Ikatha, dzimbiri limatembenukira ku thankiyo, ndipo giza yobooka siwotchereredwa, n'kugula ina basi. Timaiona zaka ziwiri zilizonse, koma nyumba zokoka madzi pachitsime chokumba ndi makina timaziona chaka ndi chaka, poti madzi a mchere amaidya msanga. Yotha imatuluka ili kawaya kokhakokha.

Giza ya malita 150 ikadzaza imalemera pafupifupi makilogalamu 200. Ikhale pa matabwa olimba otsamira pakhoma, ndipo pansi pake pakhale thireyi yokhala ndi paipi ya mamilimita 50 yotulukira panja. Thireyi yopanda paipi imangochedwetsa tsoka ndi mphindi zochepa.

Za shoko sitinyengerera. Mpopi ukangokuthethetsani pang'ono pokha, musasambe. Nthawi zambiri elementi yang'aluka ndipo waya wa earth ndi woduka kapena kulibe. Vutoli lachuluka m'nyumba zimene anachotsa mapaipi achitsulo n'kuika apulasitiki a PPR pakati, osalumikizanso earth ku zitsulo zotsala. Ichi ndi chifukwa chake tinalemba wamagetsi wathuwathu. Iye amayeza earth, amaonetsetsa kuti giza ili ndi breaker yakeyake ndiponso switchi yozimitsira pafupi nayo, kuti wogwira ntchito kudenga asadalire mawu a munthu amene ali pansi.

Magiza a dzuwa a machubu agalasi akuchuluka, ndipo timawakonda. Lamulo lake ndi limodzi: akauma chifukwa madzi anasiya, musawadzaze masana dzuwa lili paliwombo. Madzi ozizira akagwera m'chubu chotentha, galasi limasweka. Dikirani usiku kapena m'mamawa. Mu Okutobala madzi ake amatha kufika powira, choncho timaikapo valavu yosakaniza ndi ozizira.

Zimbudzi ndi mapaipi obisika sitinazisiye. Paipi ikabooka pakati pa mita ndi nyumba yanu kapena m'nyumbamo, bilu ndi yanu. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani ola limodzi. Akasuntha, penapake pakutayika madzi. Yambani ndi thanki ya chimbudzi: thiranimo madontho a utoto wa zakudya, musagejemule kwa mphindi 15. Utoto ukaoneka m'mbale, labala ya pansi yatha.

Mu Juni ndi Julayi, tikamalowa m'nyumba za anthu timaonanso mbaula zamakala m'zipinda zogona, mawindo ali otseka. Si ntchito ya pulambala, koma sitingakhale chete. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo wogona sadzuka. Mbaula ituluke panja musanagone. N'chimodzimodzi giza ya gasi, malo ake ndi panja kapena pamene utsi wake uli ndi paipi yotulukira, osati m'bafa lotseka.

Ulendo wathu wa pachaka umatenga pafupifupi ola limodzi. Timatsuka kasefa, kuyesa mavalavu, kuona thermostat, thireyi, earth ndi anode ngati nthawi yake yakwana, ndipo chilichonse chimene tachotsa timachisiya m'manja mwanu kuti muone nokha chifukwa chake. Nthawi yabwino ndi Epulo kapena Meyi, chisanu chisanafike. Tisananyamuke timayenda ndi wa m'nyumbamo, kaya ndi mayi, bambo kapena wantchito, kumuonetsa potsekera madzi a nyumba yonse, n'kumata kapepala kolembedwa kuti giza pa breaker yake.