Mboni yanga inali tchaja yakufa

Loweruka lina m'mawa akazi anga akusita, simbi inangozizira malaya ali theka. Kanyali kake kofiira kanathima. Anagwedeza chingwe, anadina switchi ya pa soketi kawiri konse, koma zii.

"Abambo, mwina ndi fyuzi ya m'pulagimu," anatero.

Ndinaseka kaphwete kaja ka munthu amene anasinthapo babu kawiri m'moyo wake wonse. "Amayi, zamagetsi tisiyireni ife. Yafa ndi soketi."

Koma ine sindigamula mlandu popanda mboni. Ndinatuma mwana wanga wa zaka 9 kuti abweretse tchaja, ndipo anakatola ina m'kabati. Ndinaibaya pa soketi, n'kulumikiza foni. Foni osatchaja. Mboni ziwiri, simbi ndi tchaja, zonse zikuloza soketi. Ndinayang'ana akazi anga mwachifundo.

Ndinapita pa bokosi la mabuleka lija lili kuseri kwa chitseko. Buleka ikaona kuti waya wasenza katundu woposa msinkhu wake, kapena kuti pachitika shoti, imagwa yokha. Apa zonse zinali chilili ngati asilikali pa perete. Ndiye vuto lili mkati mwa soketi, ndinatero mumtima, ndipo ndiyenera kuitsegula. Lamulo ndimalidziwa bwino: uzimitse kaye magetsi. Chovuta chinali kudziwa buleka yake. Amene ankakhala m'nyumbayi kale analemba ndi pensulo, ndipo zomwe zinkawerengeka zinali "soketi", kenako "soketi" winanso, ndi pena pomwe anangoikapo chizindikiro cha funso. Munthu ameneyu ndimamulemekeza, sankanama.

Ndinatsitsa yoyamba. Kuchipinda chochezera TV inathima, ndipo apongozi anga aamuna, amene anabwera kudzatichezera sabata imeneyo, anali pakati pa mpira.

"Kodi magetsi apita?"

"Ayi bambo, ndikukonza kanthu kakang'ono!"

Ndinaikweza msanga. Yachiwiri inatontholetsa firiji. Yachitatu, palibe chomwe chinathima m'nyumba monse. Eya, ndi imeneyi. Ndipo poti ndine munthu wosamala, ndinabwerera kukatsimikiza kuti pa soketi palibedi moto. Ndinatsimikiza ndi chiyani? Ndi tchaja yomwe ija. Foni osatchaja. Ndinakhutira.

Ndikudziwa kuti mwaona kale pamene panali dzenje. Ine sindinalione.

Ndinatenga tesita yanga, ija yooneka ngati sikuludiraiva yokhala ndi kababu m'chigwiriro, n'kumasula masikulu awiri a chivundikiro. Soketi inalendewera pa mawaya ake atatu, ndipo ndinaona kuti mpata wophunzitsa mwana ndi womwewu.

"Mwanawe, ona. Wa bulawuniyu ndi amene amabwera ndi moto. Wa buluu amabweza. Uyu wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndi earth, mlonda wa nyumba. Sikulu yogwira waya ikakhwepa, pamatentha, pamada, mapeto ake soketi imafa."

Zonsezi n'zoona, ndipo mpaka lero ndimanyadira kuti ndinazifotokoza bwino. Ndinanunkhiza ngati pali fungo la pulasitiki wopserera, panalibe. Ndinasuzumira, osaona pakuda paliponse. Ndiye ndinati ndione ngati wa bulawuni uja wakhwepa. Ndinaika tesita pansi, mvetsetsani, ndinaika tesita pansi, n'kulowetsa chala.

Abale, magetsi alibe ulemu. Sanafunse kuti ndine bambo wa pakhomo. Dzanja linanjenjemera mpaka m'chigongono, mano anagundana, ndipo m'kamwa mwanga munatuluka mawu omwe sali m'chilankhulo chilichonse. Ndinabwerera chammbuyo, n'kugunda thebulo lositira, n'kukhala pansi phwata, malaya a theka aja ali kumutu. Nthawi yomweyo pa bokosi panamveka "tha!" ndipo nyumba yonse inati zii. Firiji, wailesi, TV. Ndinamva pambuyo pake kuti wosewera anali atangoika mpira pa penate.

Apongozi analowa pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anayang'ana soketi yolendewera, anayang'ana ine pansi, anayang'ananso soketi.

"Mkamwini, mwavulala?"

"Ayi bambo, ndimangopuma."

"Chabwino. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Anatembenuka n'kukakhala patsogolo pa TV yothima.

Wamagetsi anaitanidwa ndi akazi anga, ine osafunsidwa. Anali mnyamata wamng'ono kwa ine, zomwe zinawonjezera ululu wa m'chala. Anayamba ndi bokosi. Anandionetsa switchi yomwe inagwa, n'kunena kuti ndi earth leakage, imene imadula magetsi ikangoona kuti ma milliamp okwana 30 akuthawira kolakwika. Kolakwikako tsiku limenelo ndinali ineyo. "Bwana, muithokoze imeneyi," anatero, ndipo sanaseke. Buleka yachitatu ija, yomwe sinathimitse kanthu, inali ya nyali zapanja. Ndi masana amenewo ndikanaona bwanji?

Kenako anatulutsa mita yake, anaiyesa kaye pa soketi ina yomwe tonse timadziwa kuti ikugwira, ndiyeno n'kubwera pa yakufa ija. Ma volt 230. Soketi inali ya moyo kuposa ine.

Anatola tesita yanga pansi. "Nanga iyi, bwana, inayaka mutagunditsa pa waya?"

"Ndimamasulira masikulu."

Anakhala chete kanthawi. Anagunditsa nsonga yake pa waya wa bulawuni, chala chili pa kachitsulo ka kumapeto, kababu n'kuyaka ngwee. Chida chomwe chikanandiuza zoona chinali m'manja mwanga nthawi yonseyi, ine n'kuchigwiritsa ntchito yomasulira masikulu basi.

Atazimitsa buleka yoyenera ndi kubwezeretsa soketi m'khoma, anapempha simbi. Anamasula pulagi, anachotsa kafyuzi ka ma amp 13, anakayesa. Kakufa. Anafotokoza kuti simbi ya ma watt 2000 imakoka ma amp osafika 9, choncho fyuzi sinapse chifukwa cha kusita kokha. Anatsata chingwe ndi zala mpaka pomwe chimalowera m'simbi, ndipo apo chinali chitaperepeseka, mawaya akukhudzana. Fyuzi inafa pogwira ntchito yake.

Akazi anga sananene kanthu. Ndikanakonda akanalankhula. Anangopinda malaya aja mosamala kwambiri, akuyang'ana kudenga.

Panatsala mboni yachiwiri. Ndinaitana mwana. "Iwe, tchaja iyi bwanji?"

"Ija inafa kalekale, ababa. Munati tisataye, mudzakonza."

"Nanga osanena?"

"Munati ndibweretse tchaja. Simunati yogwira ntchito."

Madzulo ake tili pa TV, limoti inakana kusintha tchanelo. Apongozi anaigogoda pa bondo, osatheka. Ine ndinali nditakhala pafupi nawo, ndipo ndinatambasula dzanja, lomwe lija la chala chotupa. Iwo anailambalalitsa pamwamba pa mutu wanga n'kupatsira mwana wawo.

"Amayi, taonani mabatire awa."