Corolla ya dizilo: injini yadzuka, latsala ndi dzimbiri

Papita miyezi iwiri chiyambireni kukonza Corolla imene bambo anga aang'ono anandisiyira. Ndi CE110 ya 1996, injini yake ndi 2C ya masilinda anayi, 1974cc, yopanda turbo. Inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo moyo wake wonse wa kuno yauthera m'misewu ya fumbi ya ku Dedza. Ndimaigwira Loweruka lokha, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba.

Vuto loyamba linali kulira m'mawa. Mu Juni kuno kumazizira zedi, ndipo sitata inkazungulira mpaka batire kufooka. Ikati yalira, inkanjenjemera n'kumatulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Ndinamasula mahita onse anayi, timapulagi timene timatenthetsa injini isanalire, n'kuwayeza limodzilimodzi ndi mita yoyezera magetsi. Labwino limaonetsa pafupifupi 1 ohm, koma awiri sanaonetse kanthu. Injini ya mtundu umenewu imadalira kwambiri mahita chifukwa dizilo amayamba kupsera m'kachipinda kakang'ono ka mu hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, osati pamwamba pa pisitoni penipeni, ndiye kachipindako kakazizira moto sugwira. Ndinasintha onse anayi.

Zinasinthako, koma ikagona masiku awiri inkavutabe. Ndinalowetsa kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu ya dizilo, ndipo tithovu ta mpweya tinkaoneka tikudutsa. Kapampu kopopa ndi dzanja kamene kali pamutu pa fyuluta kanali katatha, kankayamwa mpweya ndipo dizilo ankabwerera ku thanki usiku. Anthu awiri anali atandiuza kale kuti ndichotse pampu yonse ndipite nayo ku Lilongwe. Mutu wa fyuluta wina ndi makilipu awiri, nkhani inathera pomwepo. Pansi pa fyuluta yakale panatuluka madzi ndi zinyalala zofiirira.

Thermostat, kavavu kamene kamatsekera madzi opita ku rediyeta mpaka injini itatentha, ndinapeza mulibe. Amakaniko ambiri amaichotsa poganiza kuti akuteteza injini ku kutentha, koma ine sindigwirizana nazo. Injini ya dizilo yoyenda yozizira imadzaza mwaye ndipo imamwa mafuta. Chimene chimang'ambitsa hedi ya 2C ndi rediyeta yotsekeka ndi madzi a pa mjigo, kapena paipi yophulika dalaivala asanaone. Ndatsuka rediyeta, ndabwezeramo thermostat, ndathira coolant weniweni, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Timing belt, lamba amene amayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni, nayo ndasintha pamodzi ndi tensioner yoikunga ndi pampu ya madzi, poti panalibe chizindikiro cha tsiku limene inasinthidwa komaliza. Imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ikaduka mavavu amakumana ndi mapisitoni.

Zonsezi n'zomasula ndi sipanala. Chimene chandisowetsa tulo ndi chimene ndinachipeza nditachotsa kapeti ya mu buti.

M'dzenje la tayala la sipeya munali madzi. Rabala ya nyali yakumbuyo ya kumanzere inauma n'kung'ambika, ndiye dzinja lililonse mvula inkalowa n'kukhazikika pansi pa tayala osaoneka. Nditabaya ndi sikuludiraiva, chitsulo chinabooka ngati chigumu, ndinaona dothi pansi. Mtima unandiwawa, chifukwa kunja penti ikuwalabe.

Kenako ndinatenga maginito a mu sipika yakale n'kumayendetsa m'mbali mwa madigadi akumbuyo. Kumanja anagwira bwino. Kumanzere anagwa pansi. Pamenepo wina anamata filala, phala lotsekera mabowo limene siligwira maginito, wokhuthala ngati chala pamwamba pa dzimbiri n'kupentapo. Nditapala, bowo lake dzanja langa linalowa. Kuseri kwa mlomo wa madigadiwo kunali katondo wouma ngati njerwa, ndipo ndi ameneyu amasunga chinyontho pa chitsulo miyezi yonse ya mvula. Anthu amakonda kunena kuti dzimbiri la galimoto za ku Japan limachokera ku mchere umene amawaza m'misewu ya chipale kumpoto kwa dzikolo. Zimachitikadi, koma la galimoto iyi ndi lathu lomwe, la matope osatsukidwa. Timabowo totulutsa madzi pansi pa zitseko tonse tinali totsekeka, ndinatitsegula ndi waya. Pansi pa batire asidi anadya thireyi, koma pamenepo ndatsuka ndi soda wophikira, ndapala, ndapaka red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri.

Mnzanga wina akuti ndingopopera oyilo wakuda pansi ponse. Ndakana. Oyilo wotere amafewetsa marabala ndipo amakoka fumbi, dzimbiri n'kumapitiriza kudya mkati mwakachetechete. Filala sindimufunanso pa bowo. Pamene pawola payenera kudulidwa mpaka pofika chitsulo choyera, n'kuwotchererapo china.

Ndapeza wowotcherera amene wavomera kubwera ndi makina ake, ndipo tagwirizana kuti aziwotcherera pang'onopang'ono, kadontho apa kadontho apo, kuti lata lopyapyalali lisapindike. Chigamba tidula pa chitseko cha galimoto yakufa. Loweruka likubwerali ntchito yanga ndi kuchotsa batire, mpando wakumbuyo ndi thanki ya dizilo moto usanayandikire, kenako ndikweza galimoto kuti ndigogode ndi hamala pamene pamangiriridwa mashoko akumbuyo. Pamenepo sindinapaonebe.