Ku Lewis, kumudzi kwa azungu komwe mphepo sipuma

Anthu akamandifunsa pa WhatsApp kuti ku UK kuli bwanji amaganiza kuti ndili ku London ndikukwera mabasi ofiira aja, ayi ndithu abale. Ine ndili pa chilumba cha Lewis, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland, kumudzi kwenikweni, nkhosa mbwee mumsewu. Kuti mufike kuno mukatsika ndege ku Glasgow mumakwera basi mpaka ku Inverness, kenako ina mpaka ku Ullapool, pamenepo ndiye mumalowa sitima yapamadzi ya Loch Seaforth yomwe imatenga maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono kuti ifike ku Stornoway. Nyanja yake amaitcha Minch ndipo ikakwiya mumaiwala zoti munadya. Stornoway ndiye tauni yathu yokhayo, kuchoka pamenepo msewu umadutsa m'dambo lalikulu lopanda mtengo ndi umodzi omwe mpaka kukafika ku Barvas, ndipo ine ndimakhala kamudzi kena kumtunda kwa Barvas komweko, nyumba zili ndondondo m'mbali mwa msewu, kuseri kwake ndi nyanja ya Atlantic basi.

Ndinabwera pa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Za ntchitoyo ndidzalemba tsiku lina, lero ndikufuna ndikuuzeni za nyumba ndi anthu ake.

Nyumba yomwe ndikuchita lendi ndi yakale, makoma ochindikala, mazenera ang'onoang'ono, eni ake anasamukira ku Glasgow atamwalira mayi awo. Nditalowa koyamba chomwe chinandilandira ndi fungo la chinyezi, kabati yonse ya kuchipinda inali ndi nkhungu kumbuyo. Panja pali thanki yaikulu ya pulasitiki ya parafini, ndiye imene imatenthetsa madzi ndi mapaipi a m'nyumba, ndipo parafiniyo sugula wa botolo ngati pa golosale, umaitanitsa lole kuti ikuthirire malita 500 kamodzi, ndalama yake ukaisintha m'makwacha mutu umawawa. Kuno kuzizira kwake si kwa chipale chambiri ayi, ndi mphepo ndi mvula yobwera chopingasa, ambulera ndi yongotaya ndalama. Mabini a zinyalala anthu amawamangirira ndi chingwe kapena kuwaika m'kakhola ka matabwa, ukapanda kutero ukawapeza kwa aneba achitatu. Chitseko cha galimoto umatsegula utachigwira ndi manja awiri, shuwa.

Mdima nawo. Mu December dzuwa limatuluka itadutsa 9 koloko m'mawa, ikamakwana 4 koloko masana lalowa kale, umapita kuntchito kuli mdima kubwerako kuli mdima. Amayi akandiimbira video madzulo amafunsa kuti "mwanawe, kumeneko magetsi anazima?" ndiye ndimawaonetsa panja kuti ayi amayi, ndi kunja komwe kwada. Mu June zimatembenuka, 10 koloko usiku kudakali koyera, tulo osabwera mpaka nditagula makatani akuda.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri si nyengo, ndi anthu. Ndisanatsitse n'komwe chikwama chachiwiri mudzi wonse unali utadziwa kale kuti m'nyumba ija mwalowa mtsikana wa ku Malawi, amagwira ntchito yakutiyakuti, alibe galimoto. Tsiku lotsatira agogo ena a nyumba yoyang'anana nane anagogoda atanyamula mazira ndi masikono ophika okha, sanadikire kuti ndiwauze kuti lowani, anangolowa n'kuyamba kuyendera nyumba, kugwira makoma, kutsegula sitovu ya pabalaza, kenako akuti "mwanangu, parafini yekha sangaumitse nyumba iyi, uyenera kumayatsa moto apa tsiku lililonse". Anandifunsa za bambo anga, za amayi, kuti tinabadwa angati, timapemphera kuti. Nditati CCAP n'kufotokoza kuti ndi mpingo womwe unayamba ndi amishoni a ku Scotland konkuno, Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, nkhope yawo inamasuka, akuti ali mwana ku Sande sukulu ankamva za Nyasaland. Kuyambira tsiku limenelo ndine mwana wa pakhomo.

Ndiwonso anandikhazika pansi Loweruka loyamba n'kundiuza malamulo a Lamulungu. Osayanika zovala panja, osatchetcha kapinga, osakhoma misomali. Palibe wapolisi angakugwire, koma aliyense aona. Kuno Sabata amalisunga zenizeni, sitima ya Lamulungu inayamba kuyenda mu 2009 mokha anthu ena akutsutsa kwambiri, ndipo sitolo yaikulu ya Tesco ya ku Stornoway itayamba kutsegula Lamulungu mu November 2024 inali nkhani yaikulu pachilumba chonse. Achinyamata ambiri sakuzitsatanso, ena amadandaula kuti ndi zachikale, ine maganizo anga ndi akuti tsiku limodzi lopanda phokoso silinaphepo munthu, ngakhale ukaiwala kugula mkaka Loweruka umangomwa tiyi wakuda.

Tsopano za moto uja. Poti mitengo kulibe, nkhuni za kuno ndi dothi. Musaseke, ndi dothi lakuda la m'dambo lotchedwa peat, zomera zomwe zinawolerana kwa zaka zikwizikwi, ukalidula n'kuliumitsa limayaka pang'onopang'ono ndi fungo lake lokoma lomwe limakakamira pa juzi. Mabanja a m'mudzi ali ndi malo awoawo odulapo, ndipo aneba anga aja, mwana wawo wamwamuna msana unamuvuta, ndiye mu May anangondiuza kuti Loweruka vala majombo. Amadula anthu awiri, wina amaponda chitsulo chachitali chokhala ngati khasu lowongoka n'kucheka chidutswa, mnzake ali m'munsi m'dzenje kuwakha n'kuponya pamtunda. Ine ndinali woponya. Chidutswa chimodzi chonyowa ndi cholemera ngati njerwa yosaotcha, choterera, ndipo pofika masana manja anali atasiya kumva. Agogo anakhala pa chidebe chovundikira akuthira tiyi wa mu fulasiki, akumandikuwira kuti ndiponye patali ndisaunjike pamodzi. Pakatha masabata angapo mumabwereranso kukaziimika tizidutswa tingapo motsamirana kuti mphepo ipite pakati, zikauma thalakitala imabwera kudzatuta, kunyumba n'kuzisanja mulu waukulu wooneka bwino, ndipo anthu amayang'ana mulu wa mnzawo n'kumaweruza mumtima. Tsiku lomwe mphepo yaleka, lomwe ungati bola lero, ndiye kumatuluka tizilombo ting'onoting'ono toluma totchedwa midges, timalowa m'tsitsi, m'makutu, m'maso, munthu wamkulu n'kumathawa ngati wamisala. Malungo tilibe koma nkhanza zake ndi zoposa udzudzu.

Malipiro anga anali mawilibala a peat omwe anandikwanira mpaka February, ndipo nkhungu ija inachepa ndithu monga ananenera agogo. Komanso kuchokera pamenepo madalaivala a m'mudzi anayamba kundiimira ndikamadikira basi, amene poyamba ankangokweza chala chimodzi pa chiwongolero, moni wa kuno ameneyo.

Malo a kuno ali ndi dongosolo lake. Banja lililonse lili ndi kamunda kakatali kopyapyala kotchedwa croft, kuchokera pamsewu kutsetsereka kunyanja, ndipo dambo lonse la kumtunda ndi busa la mudzi wonse, lili ndi komiti yake ndi mlembi wake. Kale anthu ankathamangitsidwa ndi eni malo olemera kuti pakhale nkhosa, mpaka lamulo la 1886 linawapatsa ufulu wokhala pa minda yawo osachotsedwa. Dera lathu lino, Galson Estate, anthu a m'midzi anagula okha mu 2007, moti mwini malo tsopano ndi anthuwo. Okalamba omwe ndimawasamalira akayamba nkhani ya malo amaiwala zoti akudwala, ndipo akatopa kapena mutu ukasokonezeka Chingerezi chimathawa, amangoyankhula Gaelic, chiyankhulo cha makolo awo, ine n'kumangovomera ndi mutu uku ndikuwaveka masokosi. Panopa ndimatha kupereka moni ndi kufunsa ngati akufuna tiyi, basi.

Zakudya ndiye nkhani ina. Ufa kuno kulibe, ndimaitanitsa pa intaneti kuchokera ku mashopu a anthu a ku Africa a ku Glasgow, ndipo ambiri akangoona adilesi ya pachilumba amawonjezera ndalama yotumizira kapena kukana kumene. Nyanja ikavuta sitima osayenda, mashelefu a buledi ndi masamba ku Stornoway amakhala mbee, ndiye ndinaphunzira kwa aneba kudzaza firiji yaikulu. Ufa ukatha ndimaphika nsima ya semolina, ufa wa tirigu wokhakhala, imagwira m'mimba koma mtima umadziwa kuti si yomweyo. Ndiwo bola, masamba a kuno otchedwa kale ukawadula bwinobwino n'kuthira tomato ndi nsinjiro za peanut butter amapita ndithu, ndipo nthawi yotentha anyamata akakawedza amangosiya mackerel m'jumbo pa chitseko osanena kuti ndi ndani. Black pudding ya ku Stornoway, ya magazi ndi oats ija, amainyadira kwambiri, ndinailawa, ndi yabwino, koma tsiku lomwe ndinawaphikira agogo nsima anaidya ndi foloko n'kunena kuti ikusowa mchere, tinakangana mpaka tiyi.

Maliro oyamba a m'mudzi anandipeza nditakhalako kale ndithu, anali a bambo wina amene ndinkamusamalira. Uthenga wa maliro kuno amamata pa mawindo a mashopu ku Stornoway, kapepala ka dzina, mudzi ndi nthawi, ndipo mumaona anthu ataima n'kumawerenga asanalowe kukagula. Usiku wake kumakhala mapemphero. Palibe kulira mokweza, palibe kwaya, palibe ng'oma kapena kiyibodi. Bambo mmodzi amaimirira n'kuyambitsa mzere wa salimo mu Gaelic, mpingo wonse n'kuulandira aliyense mokoka mwa iye yekha, mawu n'kumakwera kutsika osathera pamodzi. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe koma misozi inangoyamba yokha, mayi amene ndinakhala naye pafupi anandipatsira switi ya minti osandiyang'ana, ndiye chitonthozo cha kuno chimenecho. Potuluka amuna onse anapanga mizere iwiri mumsewu n'kumanyamula bokosi mosinthana, aliyense masitepe ochepa kenako n'kupatsira wina, magalimoto onse ataima. Manda ali pa mchenga m'mphepete mwa nyanja. Kale amayi sankapita kumanda, masiku ano ena amapita, ine ndinatsalira ndi amayi ena kukonza supu ndi masangweji, ndipo palibe anandiuza kuti khalani pansi ndinu mlendo, anangondipatsa mpeni ndi buledi.

Osati zonse ndi zokoma ayi. Pali masiku a January omwe mphepo imalira usiku wonse padenga, magetsi n'kuzima, netiweki n'kuthawa, umakhala wekha ndi tochi n'kumadzifunsa kuti kodi ndinalakwira ndani. Munthu woyankhula naye Chichewa maso ndi maso kulibe, woluka tsitsi kulibe, ndinameta. Mabasi ndi ochepa, madzulo amatha msanga, Lamulungu sayenda n'komwe, ndipo layisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha kenako uyenera kulemba mayeso a kuno, poti yathu sasintha ngati ya ku Zimbabwe kapena ya ku South Africa. Bola amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Pano ndikuphunzira kubwerera chambuyo pa timisewu ta galimoto imodzi, pomwe mukakumana wina amayenera kulowa pa kamalo kopatukira, nkhosa itagona pomwepo osasuntha.

Chaka chino agogo andipatsa kachigawo mu polycrub yawo, kanyumba kolimba ka pulasitiki kolimiramo masamba komwe anthu ambiri kuno ali nako chifukwa panja mphepo yamchere imawotcha chilichonse. Ndafesa mpiru ndi maungu kuti mwina ndingadye nkhwani, mpiru wamera kale. Chimanga chokha andiletsa, akuti chidzatenga malo a tomato wawo.