Malipenga a ku Indianapolis andilanda tulo

Lamlungu, 11 Ogasiti 2024, kusanache

Tulo takana. M'makutu mukulirabe ngati ndagona pakhomo pa chigayo, koma chimene chandidzutsa si phokosolo. Ndi mawu a madala oyandikana nawo nyumba aja, amene anandiponyera tili pamzere wotuluka m'bwalo la Lucas Oil Stadium usiku wathawu. Ine ndinangoseka chopusa, ndipo mpaka pano ndikutembenuka nawo pabedi.

Tikiti anandipatsa ndi iwowo. Mayi akunyumba kwawo bondo lawavuta, mpando unatsala, ndiye anati tiyeni achimwene mukaone zimene ndakhala ndikukuuzani pampanda chaka chonsechi. Zimenezo ndi drum corps: magulu a anyamata ndi atsikana, wamkulu kwambiri zaka 21 kapena 22, oliza malipenga ndi ng'oma uku akuthamanga pabwalo la mpira wachimereka, ena akuzunguza mbendera ndi mfuti zamatabwa. Gulu limodzi limafika anthu 165. Miyezi yotentha yonse amakhalira kuyenda pabasi, kugona pansi m'maholo a masukulu, ndipo amachita kulipira okha madola masauzande angapo kuti azunzike chotero. Zonsezo chifukwa cha chionetsero cha mphindi 11 kapena 12. Bungwe lake ndi Drum Corps International (DCI), linayamba mipikisano mu 1972, ndipo kuyambira 2009 fainolo imachitikira konkuno ku Indianapolis. Dzulo kunali magulu 12 otsiriza.

Tinapita atatu, ine, madala ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 17, amene amaliza lipenga kusukulu kwawo. Tisanalowe m'bwalo madala anatikokera ku Military Park kumene magulu amakonzekera. Kumeneko ndiye ndinaona zinthu. Oliza malipenga pafupifupi 80 anaima ngati uta pansi pa mitengo, malipenga aakulu aja ali pamapewa ngati mitolo ya nkhuni, mphunzitsi ali pakati. Anakweza manja, onse n'kukoka mpweya kamodzi, ndinachita kuumva mpweyawo. Kenako analiza mawu amodzi okha, aatali, oyamba pansipansi n'kumakula. Atafika pamwamba ndinamva nthiti zikunjenjemera, tsitsi la pamkono n'kuima. Panalibe sipika, panalibe waya. Madala anandigwira paphewa, osayankhula kanthu, koma nkhope yawo imati mwaonatu.

Mkangano unayamba titakhala pansi, ndipo sunathe mpaka pagalimoto.

Madala analizako lipenga zaka za m'ma 1970, m'kagulu ka patchalitchi kwawo ku Wisconsin kamene kanatha kalekale. Iwo akamawerenga mbiri ya masewerawa amapinda zala ngati akuwerenga maliro a pamudzi. Mu 2000 a DCI analola malipenga a bandi wamba, lipenga lakale la kiyi ya G limene iwo amati ndilo linali ndi ukali n'kuyamba kuzimirira. Mu 2004 analola maikolofoni ndi masipika. Mu 2009 zoimbira zamagetsi. Mu 2014 matiromboni. Chala chachisanu anasungira 2016, chaka chimene Bluecoats a ku Canton, Ohio, anavula yunifolomu yachisilikali ndi zipewa, n'kulowa m'bwalo ndi zovala zothina ngati ovina, akutsetsereka pa zimatabwa zopendekeka, n'kutenga chikho koyamba. "Kuyambira pamenepo aliyense anataya chipewa," anatero. "Pano tikuonera zisudzo, mwanangu. Malipenga angokhala operekeza."

Mdzukulu uja sanachedwe. "Agogo, inu mumati chionetsero chabwino kuposa zonse ndi chiti?" Amadziwa yankho, amangowatchera msampha. Madala anati Spartacus ya Phantom Regiment mu 2008, ku Bloomington, ndipo anali pomwepo. Anafotokoza mmene gululo linakwerera usiku ndi usiku mpaka kupitirira gulu la Blue Devils ndi malikisi 0.025 basi, 98.125 kwa 98.100, bwalo lonse likukuwa ngati lapenga. Mtsikana anadikira amalize, kenako anati, "Koma agogo, muja munali akapolo, munali kuphana ndi mikondo, munali nkhani yoyamba ndi kutha. Si zisudzo zimenezo?" Madala anati zinali zisudzo zokhala ndi nyimbo yoti munthu n'kuiimba ndi mluzu popita kunyumba. Ndinaona kuti pamenepo azemba pang'ono, koma mfundo anali nayo.

Kenako anatulutsa Madison Scouts a 1995, amene anathera pa nambala 4 koma anthu anaimirira chionetsero chisanathe. Kwa iwo umenewo ndiwo muyeso: kodi anthu anadzuka m'mipando? Majaji ali ndi mapepala awo, malikisi 40 a mmene chionetsero chonse chakhudzira, 30 a zooneka, 30 a nyimbo, ndipo madala amati okonza zionetsero masiku ano amalembera mapepalawo osati anthu olipira pakhomo. Blue Devils a ku Concord, California, ali ndi zikho 21, ndiponso ndiwo anapeza 99.65 mu 2014, malikisi amene palibe anawafikapo. Madala amawalemekeza koma sawakonda. Amati nyimbo zawo n'zoduladula, ukangoti uyambe kuimva kukoma yasintha kale, ngati munthu wosakhazikika pa siteshoni imodzi ya wailesi.

Mtsikana anawabaya ndi ina imene sindinaiyembekezere. "Nanga si inu munakuwiza Star of Indiana mu 1993?" Madala anayang'ana kumbali. Nkhani yake ndi yoti gulu la ku Bloomington limenelo linabwera ndi nyimbo za Barber ndi Bartók, zovuta kumva, zaukali, mwina mwake mwachete, oliza malipenga akupinda matupi ngati ovina. Anthu ambiri zinawanyansa, gululo linathera pachiwiri n'kuchoka mu DCI chaka chomwecho. Lero chionetsero chomwecho amachitchula ndi ulemu, ndipo madala ali nacho kunyumba, amachionera. "Ndinali ndisanachimvetse," anatero motsitsa mawu. Mdzukulu anati, "Ndiye mwina izinso simunazimvetse." Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Kwathu mwana woyankha agogo ake chonchi akanaona zakuda, koma awa zimaoneka kuti ndi mmene amachezera.

Ine pakati pawo ndinali ngati mwana wa masiye pa mlandu wa munda. Aliyense amandigwira mkono kuti ndione chimene iye akuona. Boston Crusaders akuguba mothamanga mizere ikulowana osagundana, madala amati onani, kuguba ndi kumeneko. Woliza lipenga mmodzi akaima pa maikolofoni mawu ake n'kudzaza bwalo lonse, mtsikana amati mwamva kukoma kwake, popanda sipika mukanamumva bwanji pansi pa denga ili? Madala amati m'masiku awo munthu amamveka ndi mapapo ake. Bluecoats atalowa bwalo lonse linayamba kulira "buuu", ine n'kudabwa kuti anthu aulemu chonchi akunyoza ana a eni. Mtsikana anaseka mpaka misozi: amakuwa kuti "Bloo", ndiko kuwalonjera kwake. Ndipo kunena zoona chionetsero chawo chinandigwira. Sindinadziwe poyang'ana, mawu amachokera uku ndi uku, ena a malipenga ena a makina, osadziwa kuti awa athera pati awo ayambira pati. Anapambana ndi 98.75, Boston yachiwiri, Blue Devils yachitatu. Ndinaomba m'manja mpaka kuwawa. Koma tsitsi la pamkono lija silinaime ngati ku paki kuja. Izi sindinauze aliyense.

Ndiye tili pamzere wotuluka, madala anatembenuka n'kunena kuti, "Achimwene, inu ndinu a ku Africa, ng'oma zenizeni mukuzidziwa. Tamuuzeni mwanayu kuti nyimbo sifuna magetsi."

Zinandibaya, ndipo ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Madalawa ndi munthu wabwino, chisanu chikagwa amandikolopera njira ndisanadzuke. Sananene mwachipongwe. Koma ndatopa nako kuitanidwa ngati mboni ya zinthu zakale, ngati kwathu nthawi inaima. Akanadziwa kuti ukwati wa kumudzi kwathu masiku ano popanda jenereta ndi masipika aatali ngati munthu anthu amati sunali ukwati! Komanso chimene chikundinyansa kwambiri n'choti mbali ina ya mtima wanga imagwirizana nawo, ndipo sindinafune kuti apambane mlandu pogwiritsa ntchito khungu langa.

Chimene ndikanawauza, chikanakhala kuti pakamwa panatseguka, ndi nkhani ya mganda. Agogo anga aamuna ku Ntchisi anali m'boma la mganda, kabudula woyera wositidwa mpaka kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, kampango m'manja. Gule ameneyu, pamodzi ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi, anatengera perete wa asilikali, makamaka anthu atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Malipenga achitsulo analibe, ndiye anaboola zikho n'kumata pabowo kanembanemba ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Drum corps nayonso inaphuka nkhondo yomweyo itatha, m'magulu a asilikali opuma a American Legion ndi VFW. Mbewu imodzi, minda iwiri. Kusiyana kwake n'koti kwathu perete anasanduka gule kalekale, anthu anayamba kuthyola chiuno ndi kunyada ndi masitepe pamene Amereka anali akuyezabe ngati mzere wawongoka. Chimene madala akulira kuti chikuchitika ku Indianapolis, kwathu chinachitika agogo anga asanakwatire, ndipo palibe anati mganda wafa.

Koma ndikangoti ndapeza yankho, ndimakumbukanso agogo omwewo akukalipa pakhonde chifukwa anyamata ayamba kumata zikho ndi pepala la pulasitiki m'malo mwa kangaude. Amati mawu ake ndi owuma, akulira ngati ntchentche m'botolo. Ife timaseka, timati zasiyana pati. Mmodzi mwa anyamata odula majumbo aja ndinali ine. Lero ndikanapereka malipiro a sabata yathunthu kuti ndimvenso chikho cha agogo chija, ndione ngati ankanena zoona. Ndiye ndiwauze chiyani madala? Kuti akulakwa? Kuti akulondola?

M'galimoto munali zii mpaka nyimbo ziwiri zachikale zinatha pa wailesi. Kenako madala anangoyamba okha, osayang'ana munthu, kuti chaka chino ndi choyamba kudziwa kuti Cadets sadzabweranso. Gulu la 1934, zikho 10, latha basi. Anati m'nthawi yawo tauni iliyonse kwawoko inali ndi kagulu kake, mwana wa munthu wosauka amangopita kuholo ya tchalitchi n'kupatsidwa lipenga. Sanatchule masipika pamenepo. Mtsikana sanayankhe, anangotsamira pawindo. Patapita nthawi anati mu Novembala akufuna kukayesa mwayi ku Bluecoats. Ndinadikira bomba. Madala anangofunsa kuti mafomu ake ndi ndalama zingati, ndipo kodi lipenga lake lija silikufunika kukonzetsa kaye.

Pano ikuyandikira 5 koloko. Ndikalowa ntchito 2 koloko masana ndipo ndikudziwa kuti ndikagwa ndi tulo pa shifiti. Ndayesa kuonera pafoni zimene ndinajambula ku paki zija, koma foni yatulutsa kaphokoso kopyapyala, kosagwedeza ngakhale nsidze, ndazimitsa. Kuseri kwa mpanda nyali ya m'galaja mwa madala yayaka, kaya nawonso tulo tawathawa. Potsika galimoto anati lero akanditulutsira lipenga lawo la G lija, lakhala m'bokosi zaka zambiri, ati ndidzamve ndekha kusiyana kwake. Sindikudziwa ngati mapapo awo angalikwanitsebe. Ndiponso funso lawo lija akalibwereza, poti madalawa saiwala.